Vani Yogona pa Chulu

Iwe Mulenga, tabwera kuno. Dzulo ndinakumva pageti ukunong'onezana ndi anyamata ogula zitsulo zakale aja, chala chako chikuloza vani ili kuseri kwa nyumbayi. Usakane. Maso ndiwo akundithawa, makutu akadali pantchito. Itana azilongo ako, Taonga ndi Natasha, abwere ndi mipando. Mafoni muike m'matumba, sauluka. Inu ana mukaiona vani ija mumangoona dzimbiri ndi malo oikira nkhuku mazira, ndiye lero mumve chifukwa chake siidzatuluka pageti ili ine ndikupuma.

Choyamba, vani ija si yanga. Inali ya agogo anu enawo, Bashi Chanda, atate a amayi anu. Amayi anu Chanda akadali kamtsikana kovala yunifomu, ine ndi Bashi Chanda tinali kale pachimbuya. Mukudziwa mmene zimakhalira Mbemba akakumana ndi munthu wa Kum'mawa. Iwo ankanditcha wodya mbewa, ine ndinkawatcha wodya anyani, ndipo tikatero ndiye kuti tapatsana moni. Mbuya wako angakutukwane pagulu, angakulande chipewa, angakupake ufa kumaso pamaliro a atate ako, iwe n'kumangoseka, chifukwa tsiku la tsoka ndi yemweyo amene adzakumbe manda. Inuyo munatuluka theka mbewa theka nyani, n'chifukwa chake simumva.

Ine ndinabwera mu Lusaka kuchokera ku Katete ndi bulangete limodzi ndi kathumba ka nsawawa zokazinga. Umakanika ndinaphunzira kwa a Daka, muno mu Matero. Galaja yathu inali mtengo wa mango, tcheni chopachikira injini, ndi bokosi la masipanala amene theka lake anali opindika. Masiku ano Taonga akapita ndi galimoto ya atate ake kwa anyamata ake a kugalaja aja, amailumikiza kachingwe, n'kumawerenga matenda pakompyuta ngati kalata yochokera kumudzi. Manja awo ndi oyera kuposa a abusa. Ife tinkaika sikuludiraiva painjini, chogwirira chake kukhutu, n'kumamvera mtima wake. Tinkanunkhiza, tinkakhudza, nthawi zina tinkalawa ndi lilime. Usachite tsinya Natasha, lilime lomweli ndi limene linaphunzitsa atate ako sukulu.

A Daka anandiphunzitsa mautsi atatu. Wakuda ndi dizilo amene sakupsa bwino. Woyera wosatha ndi madzi amene alowa kumene sayenera kulowa. Wabuluu ndi oyilo. Ankatinso makanika asanagwire sipanala azifunsa mwini galimoto kuti matendawa anayamba liti, ndipo chinasintha n'chiyani masiku amenewo. Za mautsizo ndinazisunga bwino. Za kufunsazo ndinkaziona ngati za anthu osadziwa ntchito, ndipo mumva kumene zinandifikitsa.

Bashi Chanda ankanyamulira anthu katundu ndi vani ija: mabelo a amalonda a ku Kamwala, midadada ya simenti, mipando ya anthu osamuka nyumba, mbuzi za ukwati. Chaka chimene ndikunenachi sitata yake yodzutsira injini inafa m'nyengo yozizira. Anandiuza kuti ndiikonze, ine ndinati sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo inabereka inzake. Iwo sanadandaule. Kutsogolo kwa nyumba yawo kunali chulu chakale chimene ana anachisalaza ndi matako. Madzulo ankakweza vani pachulupo chobwerera m'mbuyo, mphuno itayang'ana pansi. M'mawa ankangomasula buleki, n'kuponya giya, vani n'kudzuka yokha. Kwina kulikonse sankaizimitsa. Ku Kamwala inkadikira katundu ikulira, ngakhale kutchalitchi ankaisiya panja ikung'ung'udza mpaka abusa anapempha kuti aziimika patali ndi zenera.

Kenako inayamba kufuka. Utsi wake unali wabuluu, wonunkha, wokakamira pakhosi. Amayi a mumsewu wathu akangomva kulira kwake ankathamangira kukaanula zovala pachingwe. M'mawa uliwonse Bashi Chanda ankasolola dipusitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, n'kupeza kangonyowa kunsonga. Ankathira oyilo, mawa lake chimodzimodzi. Tonse tinkaiseka kuti vani ya Mbemba yatengera mwini wake pakamwedwe.

Kuseka kunatha pamene amayi anga, a Nabanda, anadwala. Awa ndi agogo a atate anu, simunawaone. Tinawatenga kumudzi kuti adzaonane ndi madokotala, anakhala nafe miyezi ingapo, mpaka kuchipatala anatiuza mwaulemu kuti tipite nawo kunyumba tizikawasamala. Tinamva tanthauzo lake, ndipo iwonso anamva. Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha malata, anandiitana n'kundigwira dzanja.

"Mwana wanga, usandiike pakati pa anthu osandidziwa. Undiperekeze kwathu maso akuona. Ndikufuna ndikamve fungo la mvula yoyamba padothi lakwathu."

Pabasi sakanatha. Mabasi a nthawi imeneyo sanali awa okhala ndi mipando yogona ndi wailesi yakanema. Munthu unkakhala nkhuku pamiyendo, thumba la wina pamapazi, ndipo amayi sankatha kukhala tsonga ngakhale nthawi yomwera phala. Pankafunika galimoto yoti tiyalemo matiresi. Ndinapita kwa Bashi Chanda. Sanandilole n'komwe kumaliza mawu.

"Nizabapeleka bamayo," anatero. "Koma iwe wodya mbeba, uyambe wapoletsa chifuba cha motoka yanga. Sinifuna tikafele pa Manenekela na nkhalamba kumbuyo."

Ankanena zoona. Mapiri a Manenekela ndi okhotakhota, ndipo masiku amenewo galimoto ikafera pamenepo munkatha masiku awiri mukudikira thandizo, madzi akumwa atatha. Injini imene ikumwa oyilo chotero ikhoza kuuma pakati pa phiri n'kugwirana zitsulo. Ndinawauza kuti ndibwera mawa m'mawa.

Ndinaipeza ili pamalo ake, pachulu. Usiku wake ndinali nditawauza kuti ayale katoni pansi pa injini, ndipo pakatonipo panali timadontho towerengeka, tosakwana kudzoza mwana kumaso. Ndiye kuti oyilo sankatayikira pansi, ankapsa. Ndinasolola dipusitiki ndi dzanja langa, n'kuona kangonyowa kunsonga. Ndinapukusa mutu monga amachitira makanika pamaso pa anthu, n'kuthiramo botolo lathunthu ndekha. Mukumbukire zimenezo, ndinathira ndine.

Titaidzutsa ndinaika chikhato kuekizozi, chinabwera chonona. Ndinatsegula chivindikiro cha pothirira oyilo injini ikulira. Malingi a mapisitoni, mphete zotsekera mpweya m'kati mwa injini, akatha, mpweya umathawira pansi n'kumatulukira pamenepo ngati sitima, mwina mpaka kukankha chivindikirocho. Iyi inkangopuma pang'onopang'ono. Ndinaika sikuludiraiva kukhutu, mtima wake unkagunda mofanana, wopanda chotsimphina. Tinaikweza midadada n'kukwera nayo chitunda cha ku Marapodi, inakwera osadandaula. Timalabala ta kumavalavu tikatha, galimoto imafuka kwambiri ikangodzuka, kenako utsi umachepa, koma iyi inkafuka tsiku lonse. Nditatsegula fyuluta ya mpweya ndinapeza yanyowa oyilo, kapaipi kopumira injini kakudontha.

Mboni zonsezi zinkanena kuti injini ili moyo. Koma ine ndinali nditagamula kale mlandu ndisanachoke kunyumba. Vani yakale, utsi wabuluu, oyilo akutha: malingi basi.

Bana Chanda, agogo anu aakazi a ku Matero kuno amene mumawaopa aja, anali pakhonde akukazinga zitumbuwa zokagulitsa m'mafuta ophikira, amene kuno timati saladi. Anali atationerera m'mawa wonse.

"Ba Mwale," anandiitana, "imwe ba kumawa bakamba ati ndimwe banzelu. Onani pani yanga iyi. Mbaula ikapendama, saladi yonse ithabila mbali imodzi. Manje nikaona uku kwauma, niikemo saladi inangu?"

"Mayo, injini si chitumbuwa," ndinawayankha. "Inu kazingani, za zitsulo musiyire anthu amene anasiya kukwera mitengo."

Anthu amene anali pamenepo anaseka, Bashi Chanda anaseka mpaka kutsokomola, Bana Chanda nawonso anaseka n'kundiponyera chitumbuwa chopserera. Vuto la chimbuya ndi limenelo. Mbuya wako akakuuza zoona, umayesa akukuseka, ndipo umathamangira kufuna yankho lomuposa m'malo momvera.

Ndinawauza Bashi Chanda kuti injini iyenera kutsegulidwa. Kutsegula injini sikunali kwa tsiku limodzi. Malingi a vani ngati ija unkawasaka mumashopu tauni yonse, mwina n'kudikira wina wochokera ku Kopabeliti, ndipo ukapeza kuti mabowo a mapisitoni adyeka unkapita nayo kwa amakina, kumene kunali mzere. Masabata atatu ukakhala ndi mwayi. Kunyumba amayi anali atasiya kudya, ankangomwa phala lamadzimadzi masipuni atatu. M'mawa uliwonse ankandifunsa kuti, "Galimoto ija yachira?" Ine ndinkati mawa. Ndikuuzani zoona ana inu, ndinali ndi mantha. Ndikaitsegula, amayi adzafera mu Lusaka injini ili mbwee pansi pa mtengo. Ndikapanda kuitsegula, adzafera pamsewu. Ndinali makanika wodziwika Matero yense, koma ndinkalowa m'chipinda chawo nditazolika ngati mwana wakuba shuga.

Ndinasankha kutsegula. Loweruka m'mawa ndinafika ndi bokosi langa ndi tcheni. Ndinatsegula boneti, ndinaika sipanala pabawuti yoyamba. Ndisanakoke, dzanja lonona ndi ufa wa zitumbuwa linagwira sipanalayo. Anali Bana Chanda. Anandilanda, n'kuipisa m'chitenje, kenako anagwada pansi pafumbi monga mkazi amagwadira apongozi. Chiyambire kudziwana kwathu anali asanandigwadirepo.

"Ba Mwale, lelo sinili pa chimbuya," anatero, nkhope ilibe chiseko. "Bamayo banu ni bamayo bathu. Chusi ichi chinayamba mwezi wamene sitata inafa. Ndine nichapa malaya ya aba, niziba. Ikalibe kuyamba kugona pa chulu motoka iyi siinali kufuka. Muiseluseko chabe pansi, muipime poyima bwino. Ngati nanama, sipanala yanu iyi."

Ndinachotsa manja painjini. Funso la a Daka lija, limene ine sindinafunse, mayi wokazinga zitumbuwa anali ataliyankha kale ndi pani yake ija masiku anayi apitawo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Sitinaidzutse. Tinamasula buleki, n'kuitsetsereza pang'onopang'ono mpaka pabwalo losalala pafupi ndi pompi. Tinadikira kuti oyilo akhazikike, nthawi yodyera zitumbuwa ziwiri. Ndinasolola dipusitiki, ndinapukuta, ndinabwezera, ndinasololanso. Oyilo anali atapitirira mzere wapamwamba ndi zala zinayi.

Mwamva mmene zinkachitikira? Vani ikaima mphuno pansi, oyilo yense ankathawira kutsogolo, pamene kachitsulo kaja kamalowa chakumbuyo. Kankatuluka kouma, mwini wake n'kuthira. Vani ikatsika pachulu, oyilo wochulukayo ankamenyedwa ndi zitsulo zozungulira, n'kuchita thovu, n'kukwera kapaipi kopumira kaja mpaka kulowa kumene kumalowa mpweya, n'kumapsa pamodzi ndi dizilo. Ndipo popeza sankaizimitsa kwina kulikonse koma pachulu, panalibe tsiku limene munthu anaiyezapo itaima bwino. Miyezi inayi yathunthu.

Bashi Chanda anayang'ana kachitsuloko nthawi yaitali, n'kuvula chipewa.

"Kanshi motoka siinali chakolwa," anatero. "Ndine nenze kuikakamiza kumwa."

"Ndipo botolo lomaliza anagula ndi dokotala," anatero Bana Chanda akudzuka n'kusasa fumbi m'maondo. Chimbuya chinali chitabwerera.

Oyilo wopitirirayo tinamukhetsera m'beseni lawo lochapira, ndipo mpaka lero mukawafunsa adzakuuzani kuti sindinawabwezere beseni. Ndinatsuka fyuluta ndi palafini, ndinapukuta kapaipi. Kenako ndinamasula sitata ija. Munali timakala tiwiri tokha todutsitsa magetsi timene tinatha, ntchito ya masana amodzi. Ndikanaigwira mwezi umene anandipempha, vani siikanadziwa chulu. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawauze munthu, ndikukuuzani inu lero.

Utsi sunathe pomwepo, musaganize kuti zinali zamatsenga. Ekizozi inali itadzaza oyilo wa miyezi yonseyo. Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinaithamangitsa mpaka ku Chongwe n'kubwerako, ikufukabe. Lolemba utsi unayamba kupyapyala. Lachiwiri m'mawa tinaiyeza pabwalo la pompi paja, oyilo anali pamzere pomwe tinamusiya, kungotsika pang'ono ngati chikhadabo, monga imachitira injini iliyonse yaukalamba. Ndinalowa m'chipinda cha amayi nditawongoka.

"Amayi, galimoto yachira. Mawa tikupita."

Tinanyamuka Lachitatu kukucha. Kumbuyo tinayala matiresi awiri, tinamanga tenti pamwamba, agogo anu aakazi a m'nyumba muno anakhala atapakata mutu wa apongozi awo ulendo wonse. Kamba wathu anali chinangwa chowotcha ndi nsawawa, ndi chigubu cha munkoyo, thobwa la kuno lija, chimene Bana Chanda anatipatsa. Si za masiku ano zoti mukangodutsa Chongwe mwayamba kale kulira tchipisi. Pa Manenekela ine khosi linandipweteka ndi kucheuka. Pakona iliyonse ndinkayang'ana kumbuyo kufuna utsi, ndipo kunali fumbi lokha.

Titatsikira ku Luangwa tinaima pamthunzi kuti amayi apume. Gulu la anyani linali kuwoloka msewu. Amayi anatukula mutu pang'ono, n'kuitana ndi mawu otsika.

"A Bashi Chanda, ndiwo zanu izo zikuthawa. Simutsika?"

"Awe bamayo, nasunga njala," anayankha. "Nimvela ati kwanu mwanisungila mbeba zonona."

Amayi anaseka. Mwezi wathunthu ndinali ndisanamve kuseka kwawo. Pa Nyimba anapempha nthochi, anadya theka. Dzuwa likupendeka tinaona phiri la Mphangwe, ndipo anapempha kuti tikweze tenti alione bwino. Tinalowa m'mudzi anthu akubwera kumadimba, vani ikulira bwinobwino, ndipo Bashi Chanda anaizimitsa pabwalo losalala pakhomo pa amalume.

Amayi anakhala masiku asanu ndi anayi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri mvula yoyamba inagwa masana, tinawanyamula n'kuwakhazika pakhonde. Anangotseka maso n'kumakoka mpweya. Atatisiya, Bashi Chanda anabweranso kuchokera ku Lusaka ndi vani yomweyo itadzaza anthu a mumsewu wathu. Anandipaka ufa kumaso mpaka m'makutu, ananditcha mwana wamasiye wa ndevu, kenako anavula jekete n'kulowa m'dzenje ndi khasu.

Tsono iwe Mulenga, chaka chatha kumanda a ku Chingwere unalipo, utavala magalasi akuda ngati woimba. Ndinakuona ukubisa nkhope pamene ine ndinaimitsa mwambo bokosi la agogo ako Bashi Chanda lili pamphepete pa manda. Unayesa nkhalamba yasokonezeka. Ndinali mbuya wawo, unali udindo wanga kuyang'ana m'dzenjemo, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti kumutu kwatsika kuposa kumiyendo. Ndinawauza anyamata okumba aja kuti, "Lowaninso musalaze. Munthu uyu mukamugoneka potsetsereka adzayamba kuthira oyilo." Achinyamata munangoyang'anana. Akuluakulu a mumsewu wathu anaseka, ndipo Bana Chanda anaseka ali m'kati molira, atafunda chitenje kumutu. Ine ndinayesa kuseka nawo, sizinatheke. Ndinaima pomwepo mpaka anasalaza, chifukwa munthu amene anafikitsa amayi anga kwawo sindikanalola kuti agone mopendama.

Patapita mwezi Bana Chanda anatuma anthu kuikoka vani ija mpaka pano. Anati ikakhale kwa dokotala wake, mwina tsiku lina adzaphunzira ntchito. Malo amene yaimapo ndinasalaza ndekha ndi khasu, masiku awiri, msana ukulira.

Ndiye anyamata ako a zitsulo akabwera mawa, uwapatse madzi akumwa, uwauze kuti agogo akana. Tsopano dzuka. Pita ukachotse nkhuku ili pampando wa dalaivala, utsegule boneti, usolole kachitsulo kali kumanzere chakumbuyo. Upukute kaye, ubwezere, usololenso. Ubwere nako kuno undiuze pamene oyilo walekezera. Ine ndakhala ndikukasolola mwezi ndi mwezi chibwerere vani ija, koma mzere uja sindikuuonanso.